Kunyamuka n'kwina, kuthamanga n'kwina: Tesla Model S Plaid ndi Porsche Taycan Turbo S

Mkangano wa galimoto ziwiri zamagetsizi umayambira pa manambala anayi. Tesla Model S Plaid, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2021, imachoka pamene yaima n'kufika makilomita 100 pa ola m'masekondi 2.1, ndipo liwiro lake lomaliza ndi makilomita 322 pa ola. Porsche Taycan Turbo S, monga inatulukira mu 2019, imafuna masekondi 2.8 ndipo imalekezera pa 260. Manambalawa ndi omwe makampani eni ake amalengeza, ndipo woona mwapatalipatali amangoti Tesla yapambana kawiri, nkhani yatha. Ine sindikana kuti pa msewu wowongoka Plaid imasiya Taycan m'mbuyo. Chimene ndimakana n'choti manambala awiri a galimoto imodzi akunena chinthu chimodzi. Chimene chimaletsa galimoto kunyamuka msanga si chimene chimailetsa kuthamanga kwambiri, ndipo pa galimoto ziwirizi, kuchepa kwa mphamvu si chopinga ku mbali zonse ziwiri.

Tiyambe ndi kunyamuka, chifukwa ndi kumene galimoto zamagetsi zinatchukira. Injini ya petulo imayenera kuyamba yazungulira kwambiri kuti itulutse mphamvu zake, n'chifukwa chake imafuna kilatchi ndi magiya angapo kuti isazime kapena kubanika ponyamuka. Mota yamagetsi ilibe vuto limenelo. Mphamvu yake yopotokola, imene akatswiri amaitcha torque, imakhalapo yonse ngakhale mota isanayambe kuzungulira. Mukangoponda, magetsi amalowa m'mawaya, maginito amakokana, teyala limakankhidwa nthawi yomweyo. Plaid ili ndi mamota atatu, imodzi kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, zomwe pamodzi zimatulutsa makilowati 760. Taycan Turbo S ya 2019 ili ndi mamota awiri ndipo imatulutsa makilowati 460 nthawi zonse, koma ponyamuka imaloledwa kufika 560 kwa masekondi awiri ndi theka.

Kuti timve kukula kwa zimenezi, tiganizire mwala. Mukauponya kuchokera pamwamba pa phompho, mwala umawonjezera liwiro ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Pakatha masekondi 2.8 umakhala ukugwa pa makilomita pafupifupi 100 pa ola. Ndiye kuti Taycan, galimoto yolemera makilogalamu pafupifupi 2,300, imanyamuka chopingasa monga momwe mwala umagwera pansi. Plaid, yolemera pafupifupi 2,160, imaposa mwalawo. Munthu wokhala m'katimo amakanikizidwira ku mpando ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake, ndipo ena amamva chizungulire chifukwa thupi silinazolowere kukankhidwa chotero popanda phokoso lochenjeza.

Apa ndi pamene pali chopinga chenicheni: mateyala. Mphamvu yonse ija imadutsa pa timalo tinayi pamene mpira wakhudza phula, kalikonse kosaposa kwenikweni chikhatho cha munthu. Teyala limatha kukankha msewu mpaka mlingo wina wake, wolingana ndi kulemera kumene kwalitsamira komanso mmene mpira ukumatirira pansi. Mukapitirira pamenepo limangozungulira pamalo amodzi n'kufuka utsi. Pa liwiro lochepa, galimoto zonse ziwirizi zili ndi mphamvu yoposa imene mateyala angalandire, moti ntchito yaikulu ya kompyuta ya m'galimoto m'masekondi oyambirira ndi kubweza mphamvu, osati kuwonjezera. Imayang'ana teyala lililonse kambirimbiri pa sekondi, ikaona kuti layamba kuterereka imachepetsa magetsi opita ku mota imeneyo. Mota yamagetsi imamvera lamulo lotere mwachangu kuposa injini ya mafuta, imene imadikira mpweya ndi petulo kuti zilowe ndi kupsa.

N'chifukwa chake galimoto zamphamvu zosiyana kwambiri zimapanikizana pafupi ndi masekondi awiri. Rimac Nevera ya ku Croatia ili ndi mamota anayi ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri ya Plaid, koma pofika 100 imangoposa Plaid ndi kachigawo ka sekondi. Amene anaswa malire amenewa anachita kusintha kagwiridwe ka mateyala. Mu September 2023, ophunzira a ku Switzerland a gulu la AMZ anafikitsa kagalimoto kawo kamagetsi kotchedwa mythen pa 100 m'masekondi 0.956, pa mtunda wa mamita 12.3 okha. Kagalimotoko n'kolemera makilogalamu 140 basi, ndipo kali ndi makina oyamwa mpweya kunsi kwake kuti kamatirire pansi kasanayambe n'kuyenda komwe. Anawonjezera kukanikiza popanda kuwonjezera kulemera, mateyala n'kupeza pogwira.

Tsopano za 2.1 ndi 2.8 zija, chifukwa sizinayezedwe ndi muyezo umodzi. Ku America kuli chizolowezi chochokera m'mabwalo a mjaho wa msewu wowongoka. Kumeneko wotchi siyamba galimoto ikangosuntha, koma teyala lakutsogolo likachoka pa kuwala koyezera, ndipo zimenezi zimachitika galimoto itayenda pafupifupi phazi limodzi, masentimita 30. Magazini a galimoto a ku America anatengera zimenezo, ndipo Tesla imalemba poyera kuti nambala ya Plaid imachotsa phazi loyambalo. Masentimita 30 amamveka ochepa, koma ndi pamene galimoto ikuyenda pang'onopang'ono kwambiri, moti amadya magawo awiri kapena atatu mwa magawo khumi a sekondi. Pa mpikisano wosiyana ndi 0.7, chimenechi si chaching'ono.

Magazini ya MotorTrend itayesa Plaid mu 2021, inapeza masekondi 1.98 kufika mamailosi 60 pa ola. Koma kumeneko kunali pa bwalo lopakidwa mankhwala omata, phazi loyamba litachotsedwa. Pa phula wamba inapeza 2.07, phazi lija litachotsedwabe. Onaninso kuti mamailosi 60 si makilomita 100, ndi 96.6, ndipo anthu ambiri amasakaniza ziwirizi akamakangana. Kumbali ya Porsche, kampaniyo inalengeza 2.6 kufika mamailosi 60, koma magazini ya Car and Driver itayeza mwa njira ya ku America inapeza 2.4. Mukaika galimoto ziwirizi pa muyezo umodzi, Plaid imatsogolabe, koma mpata umatsika kufika pa theka la sekondi kapena kucheperapo. Ndimaona kuti amene amatchula masekondi 1.99 amene Tesla imalengeza pofika mamailosi 60 pambali pa 2.8 ya Porsche, osanena kuti imodzi ndi ya mamailosi ndipo inayo ndi ya makilomita, akusocheretsa anzake ngakhale asakudziwa.

Palinso kukonzekera. Kuti Plaid itulutse nambala yake yabwino koposa, dalaivala amayatsa Drag Strip Mode, pulogalamu yokonzekeretsa galimoto kunyamuka mwa mjaho, n'kudikira mphindi zingapo kuti batire ndi mamota zifike pa kutentha koyenera, kenako galimoto imatsitsa mphuno isananyamuke. Batire liyeneranso kukhala lodzaza bwino, chifukwa likamatsika, mphamvu ya magetsi imene lingatulutse nthawi imodzi imatsikanso. Porsche inasankha kunyadira china. Mu 2019, Taycan isanatuluke, anaitengera pa bwalo la ndege la Lahr ku Germany n'kuinyamutsa kuchoka pa 0 kufika 200 maulendo 26 motsatizana. Ulendo uliwonse unatenga masekondi pafupifupi 10, ndipo wofulumira koposa ndi wochedwa koposa anasiyana ndi 0.8 yokha. Ankafuna kuonetsa kuti galimoto yawo sifooka ikatentha, lomwe linali dandaulo lalikulu pa galimoto zamagetsi za nthawi imeneyo. Mbali ina ya chinsinsi chake ndi magetsi a mavoti 800, pomwe Model S imagwiritsa ntchito pafupifupi theka lake. Mavoti akachuluka, mphamvu yomweyo imadutsa ndi magetsi ochepa oyenda m'waya, ndipo kutentha kwa waya kumatsika kwambiri: magetsi oyenda akachepa ndi theka, kutentha kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi.

Galimoto ikapitirira makilomita 100 pa ola, nkhani imasintha. Mateyala amakhala agwira, ndipo tsopano mphamvu yonse imatha kufika pansi. Apa ndi pamene makilowati osachepera 200 amene Plaid imaposera Taycan amayamba kuonekera, ndipo Tesla imachoka ndithu. Imamaliza kota ya mailo, mamita pafupifupi 402, m'masekondi 9.2 ndi kachigawo, pomwe Taycan Turbo S yoyamba imadutsa masekondi 10. Kwa ine, amene akufuna kudziwa galimoto yamphamvu kwambiri pa ziwirizi ayang'ane nthawi ya pakati pa 100 ndi 200, osati ya pakati pa 0 ndi 100, chifukwa yoyambayo ikunena za mamota ndi batire pomwe yachiwiriyo ikunena kwambiri za mpira ndi phula.

Nanga liwiro lomaliza limachokera kuti? Mdani woyamba ndi mphepo. Galimoto ikawirikiza liwiro kawiri, mphepo imaikankha kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuti iboole mphepoyo imawirikiza kasanu ndi katatu, chifukwa ikulimbana ndi kukankha kwakukulu pa mtunda wautali m'sekondi iliyonse. Kuchoka pa 100 kufika pa 322, mphamvu yolimbana ndi mphepo imakwera maulendo oposa 33. Pa galimoto wamba, apa ndi pamene liwiro limathera: injini imapereka zonse, mphepo imalanda zonse, ndipo singano ya liwiro imaima.

Koma werengani za Plaid. Thupi lake ndi loterera kwambiri m'mphepo, nambala yake ya kukana mphepo ndi 0.208, pomwe ya Taycan Turbo S ndi 0.25. Mukawerengera kukula kwa nkhope yake, pa 100 imafuna makilowati 6 kapena 7 okha kulimbana ndi mphepo. Pa 322 imafuna opitirira pang'ono 200, ndipo mukawonjezera kukhuzana kwa mateyala ndi zotayika zina, mwina 250. Imeneyo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake yonse. Taycan nayonso pa 260 imakhala ikadali ndi mphamvu yambiri yotsala. Ndiye kuti palibe mwa ziwirizi imene yaimitsidwa ndi mphepo. Zonse zaimitsidwa ndi lamulo lolembedwa mu kompyuta, ndipo funso labwino ndi lakuti olembawo ankaopa chiyani.

Choyamba ankaopa kuzungulira kwa mota. Galimoto zambiri zamagetsi zili ndi giya imodzi yokha, moti liwiro la mota limamangiriridwa ku liwiro la teyala. Wopanga amayenera kusankha. Giya yaifupi imapereka kunyamuka koopsa koma mota imafika malire ake galimoto isanathamange kwambiri. Giya yaitali imapereka liwiro koma kunyamuka kumafooka. Komanso mota ikamazungulira kwambiri imayamba kudzipangira magetsi akeake otsutsana ndi ochokera ku batire, monga imachitira jenereta. Akayandikira mavoti a batire, magetsi amavutika kulowa, ndipo mphamvu yopotokola imayamba kugwa. N'chifukwa chake galimoto zamagetsi zambiri zimanyamuka ngati mphezi koma zikafika pa liwiro lalikulu zimaoneka ngati zatopa.

Makampani awiriwa anathana ndi vutoli m'njira zosiyana, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti pali kusiyana kwenikweni pakati pa galimotozi. Porsche inaika magiya awiri kumbuyo. Yoyamba ndi yaifupi, mota imazungulira pafupifupi ka 15 kuti teyala lizungulire kamodzi, ndipo ntchito yake ndi kunyamula. Yachiwiri ndi ya pafupifupi ka 8, ndipo ndi imene galimoto imayendera nthawi zambiri. Mamota ake amazungulira mpaka maulendo 16,000 pa mphindi. Tesla inali itayesapo kale njira imeneyi pa galimoto yake yoyamba, Roadster ya 2008, koma magiya awiriwo sanapirire mphamvu ya mota ndipo kampaniyo inabwerera ku giya imodzi. Pa Plaid inasankha kuti mota izizungulira kwambiri, pafupifupi 20,000 pa mphindi, kutanthauza maulendo oposa 300 pa sekondi. Pa liwiro lotere, chitsulo chozungulira cha m'kati mwa mota chimafuna kufutukuka ndi kutaya maginito ake, monga mwala wa pa legeni umafunira kuthawa. Tesla inachikulunga ndi ulusi wa kaboni womangidwa mothina kwambiri kuti chisatukuke. Zotsatira zake n'zakuti mphamvu ya Plaid siigwa kwenikweni mpaka kumapeto, popanda kusintha giya.

Chachiwiri ankaopa kuima. Ichi anthu ambiri sachiganizira, koma ndi chimene chinasunga Plaid kutali ndi 322 kwa zaka pafupifupi ziwiri. Pamene inkatuluka mu 2021, inali yotsekedwa pa makilomita pafupifupi 262 pa ola, kusiyana ndi Taycan ndi makilomita awiri okha. Mu 2022 Track Mode, pulogalamu yoyendetsera pa bwalo la mjaho, inakweza malirewo kufika pafupifupi 282. Liwiro la 322 linatsegulidwa mu 2023, kwa okhawo ogula Track Package, yomwe imabwera ndi mabuleki a kaboni ndi seramiki, mawilo ena ndi mateyala ena. Mamota anali omwewo. Chifukwa chake chili m'masamu: mphamvu imene galimoto yoyenda yasunga imakula mowirikiza liwiro ndi liwiro lomwelo, moti pa 322 mabuleki amayenera kumeza kutentha koposa kwa pa 262 ndi theka. Galimoto yolemera matani awiri ikabwezedwa mwamphamvu kuchoka pa liwiro limenelo, mabuleki achitsulo wamba amatentha mpaka kusiya kugwira bwino. Mota imathandiza pobweza magetsi ku batire, koma imangotenga gawo laling'ono la katundu wotere. Mateyala nawonso ali ndi malire olembedwa pambali pake, ndipo teyala lonyamula batire lolemera pa liwiro lalikulu limatentha msanga.

Choncho amene akunena kuti Plaid imathamanga 322 ayenera kufunsidwa kuti ndi Plaid iti. Yopanda zida zija siyandikira nambala imeneyo.

Chachitatu ndi batire. La Plaid limasunga pafupifupi makilowati-ola 100, la Taycan yoyamba 93.4. Pa makilowati 250, batire lotere limatha pasanathe theka la ola, ndipo lisanathe limakhala litatentha kale moti kompyuta imayamba kuchepetsa mphamvu. Kunyamuka kuchoka pa 0 kufika pa 100 kumadya magetsi ochepa zedi, osakwana theka la kilowati-ola imodzi, chifukwa ndi ntchito ya masekondi atatu. Liwiro lomaliza ndi ntchito yopitirira, ndipo limadya batire mphindi iliyonse. Apa mpamene ndimaona kuti Porsche inaganiza monga kampani ya ku Germany, dziko limene misewu ina ya Autobahn ilibe malire a liwiro ndipo ogula amayendetsadi galimoto zawo pa 200 kwa nthawi yaitali. Mu August 2019, Taycan yoyeserera inayenda makilomita 3,425 m'maola 24 pa bwalo la Nardò ku Italy, kuphatikizapo nthawi yoima kutchaja. Nambala imeneyo siikopa maso ngati 322, koma imanena zambiri za mmene galimoto imachotsera kutentha.

Ndisanaiwale, kuthamanga si chinthu chachilendo kwa magetsi. Galimoto yoyamba pa dziko lonse kupitirira makilomita 100 pa ola inali yamagetsi: La Jamais Contente, yoyendetsedwa ndi Camille Jenatzy wa ku Belgium pa Achères pafupi ndi Paris mu 1899, pa liwiro la pafupifupi 106. Chimene chinagonjetsa galimoto zamagetsi nthawi imeneyo sichinali liwiro koma mabatire olemera ndi otha msanga, ndipo mbali ina ya vuto lomwelo ndi imene ikuikabe malire pa Plaid ndi Taycan lero.

Pali malo amodzi pamene zonsezi zimakumana, kunyamuka, liwiro, mabuleki ndi kutentha: bwalo la Nürburgring ku Germany, njira ya makilomita 20.8 yokwera ndi kutsika m'mapiri a Eifel. Mu September 2021, Plaid inazungulira m'mphindi 7 ndi masekondi 35.6. Mu 2022, Lars Kern, dalaivala woyesa galimoto za Porsche, anayendetsa Taycan Turbo S yokhala ndi mateyala ndi zida zowonjezera n'kumaliza m'mphindi 7 ndi masekondi 33.4, ngakhale galimoto yake inali yochepa mphamvu ndi makilowati 200. Imene imagonja pa msewu wowongoka inapambana pa msewu wokhotakhota, chifukwa kumeneko nthawi imapezeka pa kuima mochedwa, kukhota mwachangu ndi kusafooka kumapeto. Tesla inabwerera mu June 2023 ndi Track Package n'kutsitsa nthawi kufika pa 7:25.2. Mphamvu sinawonjezeke, koma masekondi khumi anachoka chifukwa cha mabuleki, mateyala ndi kutsegulidwa kwa liwiro. Kumayambiriro kwa 2024 Porsche inalengeza 7:07.55, Kern yemweyo akuyendetsa galimoto imene inadzatchedwa Taycan Turbo GT.

Chaka chomwecho cha 2024, Porsche inakonzanso Taycan yonse, ndipo Turbo S yatsopano ndi umboni woonekeratu wa zimene ndakhala ndikunena. Mphamvu yake yonyamukira inakwera kuchoka pa makilowati 560 kufika pa 700, nthawi yofikira 100 inatsika kuchoka pa 2.8 kufika pa 2.4, yomwe mukaganizira phazi lija la ku America ili pafupi kwambiri ndi ya Plaid. Koma liwiro lomaliza linakhalabe pa 260, osasuntha ndi kilomita imodzi yomwe. Wofuna Taycan yothamanga kuposa pamenepo amayenera kupita ku Turbo GT, yomwe imafika 290, kapena mtundu wake wa Weissach, womwe umafika 305 ndipo umabwera ndi phiko kumbuyo, wopanda mipando ya anthu okhala kumbuyo.